Mmisiri wa sola sathamangira padenga

Mmisiri amene ndinamuona pa Lirangwe, akuika sola pa golosale ina m'mbali mwa msewu wa M1, anayamba ndi mafunso. Mababu angati? Firiji ilipo? Wailesi ya kanema mumazimitsa nthawi yanji? Analemba mawati a chinthu chilichonse pa chidutswa cha katoni, n'kuchulukitsa ndi maola ake. Atawerengera, anauza mwini golosale mosapsatira mawu: "Achimwene, batire iyi singakoke firiji usiku wonse. Mukakakamira, pofika Khirisimasi mudzakhala mutaitaya." Ndalama zinali kale pa kauntala, koma iye sanafune kudya za bodza.

Kenako anazungulira nyumba maso ali kumwamba, akuona kumene mthunzi wa mtengo wa mango umagwera dzuwa likapendeka. Timagawo ta m'panelo timalumikizana motsatizana, choncho nthambi imodzi ikaphimba ngodya, mzere wonse umafooka. Panelo anaiyang'anitsa kumpoto, chifukwa kwathu kuno dzuwa limadutsira mbali imeneyo miyezi yambiri, makamaka mu June ndi July. Anaipendeketsa madigiri pafupifupi 15, ndipo kupendekako kumathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi. Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti sanaigoneke pamalata penipeni. Anasiya mpata wolowa dzanja kuti mphepo izidutsa pansi, poti panelo ikatentha kwambiri mphamvu yake imachepa. Kutentha kwa ku Chileka ndi Lirangwe mu October sikufuna kufotokozera munthu.

M'nyumba manja ake ankayenda mwadongosolo. Analumikiza batire ku controller, kachipangizo kowongolera magetsi, poyamba, panelo pambuyo, kuti controller iyambe yazindikira mphamvu ya batire. Waya anasankha wonenepa ndi wamfupi, pakuti pa mavolti 12 waya woonda amadya magetsi panjira n'kumatentha. Fyuzi anaiika pafupi ndi batire. Mfundo iliyonse ankaikoka ndi zala kuti aone ngati yagwira, ngati mmene mayi amakokera mfundo ya mbereko asananyamuke.

Pa nkhani ya sola, boma lachitapo zake ndithu. Ndondomeko ya mphamvu ya 2018 inatsindika za mphamvu ya dzuwa, ndipo mu 2019 msonkho wa VAT unachotsedwa pa mapanelo, mabatire ndi zipangizo zina za sola. Ku Salima kunatsegulidwa malo opanga magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60 mu 2021, ku Golomoti ena 20 mu 2022, chaka chomwe namondwe Ana anaimitsa makina a ku Kapichira n'kutisiya mumdima. Koma magetsi amenewo amayenda m'mawaya a ESCOM. Mudzi umene mapolo sanafikemo umadalira munthu ngati uyu, ndipo mapanelo akachuluka pamsika, oika mwachisawawa nawonso amachuluka. Banja limagulitsa mbuzi, miyezi ingapo batire yafa, n'kumati sola ndi yabodza.

MERA imapereka ziphaso kwa oika sola, TEVETA imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Ndikanakonda boma litaikamo ndalama zooneka kuti anyamata ndi atsikana a ku Chileka, Lunzu ndi Mdeka aphunzire ntchitoyi pafupi ndi kwawo, pansi pa amisiri oleza mtima chotere, n'kulandira ziphaso pamtengo umene mwana wa mlimi angakwanitse.