Kutsata Chilembo cha Ŵ Mpaka Kumene Chinasokerera

Webusaiti ikasamutsidwa kuchoka pa seva yakale kupita pa yatsopano, kawirikawiri zithunzi zimafika zonse, masamba amatseguka, eni ake n'kupumira m'mwamba. Kenako wina amatsegula nkhani yakale n'kupeza kuti pamene panali Malaŵi tsopano pali MalaÅµi, ndipo ng’ombe yasanduka ngâ€™ombe. Nkhani za zaka zambiri zadzaza tizizindikiro totere. Apa m'pamene mmisiri wa mawebusaiti amadziwikira, ndipo ine ntchito imene amagwira pa vuto limeneli imandigometsa kuposa masamba okongola onse amene angapange.

Wophunzira kumene amathamangira kufufuta: paliponse pamene pali Åµ aikepo ŵ, nkhani ithe. Mmisiri poyamba sakhudza kanthu. Amakopera database yonse n'kuisunga pambali, kenako amafunsa kuti m'tebulomo mwagona chiyani kwenikweni. Zimene zikuoneka pa sikirini iye sazitenga ngati umboni, chifukwa chilembo chisanafike pamaso pake chadutsa m'manja ambiri, ndipo aliyense mwa ochigwirawo akhoza kuchinamizira.

Kompyuta sisunga zilembo. Imasunga manambala otchedwa ma byte, ndipo pamafunika pangano lonena kuti nambala yakuti ikuimira chilembo chakuti. Pangano limene intaneti ikuyendera lero ndi UTF-8, limene Ken Thompson ndi Rob Pike a ku Bell Labs analikonza mu September 1992 ku New Jersey. Mmenemo zilembo wamba monga M, a ndi l zimatenga byte imodzi imodzi, ndendende monga zinalili mu ASCII yakale, kotero zolembedwa zakale sizinafunike kusinthidwa. Chilembo cha ŵ, chimene nambala yake mu Unicode ndi U+0175, chimatenga ma byte awiri, C5 ndi B5. Kamchira kopindika ka mu ng’ombe kamatenga atatu: E2, 80 ndi 99. Emoji zambiri zimatenga anayi. Luso la anthu awiriwa lili poti byte yoyamba imanena yokha kuti ili ndi anzake angati m'mbuyo mwake, ndipo otsatirawo onse ali ndi chizindikiro chosonyeza kuti si oyamba. Ukagwera pakati pa chiganizo chodukaduka, umadziwa pamene chilembo chotsatira chikuyambira.

Koma pali pangano lina lakale, latin1, limene limati byte iliyonse ndi chilembo pachokha. Kwa latin1, C5 ndi Å ndipo B5 ndi µ. Ndiye kuti Åµ si zinyalala ayi. Ndi ŵ yemweyo, wamoyo bwinobwino, koma wowerengedwa ndi pangano lolakwika. Mmisiri akangoona Å kapena â kutsogolo kwa tizizindikiro tachilendo amadziwa kale theka la nkhani. MySQL, imene imasunga nkhani za WordPress ndi mawebusaiti ena osawerengeka, inayambira ku Sweden mu 1995, ndipo kufikira MySQL 8.0 ya mu 2018, tebulo lililonse lopangidwa popanda kunena pangano linkagwera mu latin1 ndi kasanjidwe kotchedwa latin1_swedish_ci. Mu latin1 mulibe ŵ. Mawebusaiti ena a Chichewa ndi a Chitumbuka, chimene chimadalira chilembochi kwambiri, anamangidwa pa maziko amenewo omanga ake osadziwa.

Chida chimene mmisiri amatulutsa n'chaching'ono. Amalamula database kuti imuonetse HEX ya mawu amodzi okha, ndiko kuti ma byte enieniwo opanda womasulira. Ngati dzina la dziko lathu lasungidwa bwino, pakati pa 61 (a) ndi 69 (i) ayenera kupeza C5 B5. Akapeza amenewo, mtima umakhala pansi: nkhani zonse zili bwino, cholakwika chili pa chizindikiro cha tebulo kapena pa njira yotulukira. Akapeza C3 85 C2 B5, amadziwa kuti wina anatenga Å ndi µ zija ngati zilembo zenizeni n'kuzisunganso mu UTF-8, kulakwitsa kuwiri kosanjikizana, kumene pa tsamba kukhoza kuoneka ngati Ã…Âµ. Izinso zimabwezeka, bola uzisende chikopa chimodzi chimodzi mobwerera. Koma akapeza 3F, pamenepo pavuta. 3F ndi chizindikiro cha funso. Database inalandira ŵ, inamvetsa kuti ndi chilembo chimene latin1 ilibe, n'kuikapo ? m'malo mwake. Chilembocho chinapita, ndipo palibe lamulo limene lingachiukitse. Chotsala n'kufufuza makope akale kapena mapepala amene nkhanizo zinachokera.

Matenda atatu osiyana, ndipo mankhwala a amodzi ndi chiphe kwa enawo. N'chifukwa chake kufufuta mwachisawawa kumaononga. Pofuna kutsimikiza, mmisiri amayerekezanso LENGTH, imene imawerenga ma byte, ndi CHAR_LENGTH, imene imawerenga zilembo. Malaŵi wosungidwa bwino amapereka 7 ndi 6. Zikatuluka 7 ndi 7, tebulo likuganiza kuti ŵ ndi zilembo ziwiri. Zikatuluka 9 ndi 7, ndi kusanjikiza kuja.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti mmisiri wabwino saima pa kukonza. Amafuna kudziwa chifukwa chake webusaiti inkaoneka bwino zaka zonsezo. Yankho limakhala lakuti zolakwika ziwiri zinkabisana. Tsamba linkatumiza UTF-8, pulogalamu ya PHP inkalankhula ndi database ngati kuti zonse ndi latin1, tebulo nalonso linali la latin1. Popeza mbali ziwirizo zinkagwirizana, MySQL sinkasintha kanthu: C5 B5 ankalowa, C5 B5 ankatuluka, browser n'kuonetsa ŵ wabwinobwino. Ndi anthu ochepa okha amene ankadabwa kuti bwanji kufufuza ndi kusanja mayina m'ndandanda kunkasokonekera. Tsiku losamuka, pulogalamu yokopera database ya mysqldump inachita ntchito yake mokhulupirika: inakhulupirira chizindikiro cha tebulo, n'kumasulira Å ndi µ kupita mu UTF-8. Seva yatsopano sinaswe kanthu. Inangoulula bodza lakale.

Kakonzedwe kake kali ndi nzeru yofatsa. Lamulo looneka loyenera, CONVERT TO CHARACTER SET utf8mb4, ndilo msampha, chifukwa limamasulira ma byte mokhulupirira chizindikiro chabodza chija n'kubala kusanjikiza. Mmisiri amadzera njira yozungulira. Amayamba wasandutsa kolamu kukhala VARBINARY kapena BLOB, kumene ndi kuuza MySQL kuti awa ndi ma byte chabe, isawamasulire. Kenako amaibwezera kukhala mawu, ulendo uno n'chizindikiro choona cha utf8mb4. Palibe byte ndi imodzi yomwe yasuntha. Chasintha ndi dzina lokha limene database ikuwatchula. Amayesa izi pa kope, amaonanso HEX, kenako n'kukhudza webusaiti yeniyeni.

Nthawi zina tebulo limakhala losakanikirana: nkhani zakale zosanjikizidwa, zatsopano zabwinobwino. Apa lamulo limodzi pa tebulo lonse likhoza kukonza theka n'kuswa theka linalo. Ntchito imakhala yosankha mizere yokhala ndi C3 85 kapena C3 A2, kuiona ndi maso, n'kukonza yokhayo. Imadya nthawi ndipo palibe amene amaiyamikira, koma amisiri enieni saidumpha.

Akatha izi amatsata njira yonse, monga makaniko atsatira paipi ya petulo kuchokera ku thanki mpaka ku injini. Kodi tsamba likulengeza UTF-8 mu header ndi mu meta? Kodi PHP ikutsegula kulumikizana ndi mysqli_set_charset, kapena ndi charset=utf8mb4 ngati ikugwiritsa ntchito PDO? Kodi tebulo ndi makolamu ake onse akugwirizana? Pa malo aliwonse amalowetsa mawu oyesera okhala ndi ŵ, kamchira ndi emoji, n'kuona pamene akuswekera.

Kamchira kowongoka kali ndi mlandu wake wapadera, ndipo kwa ife ndi waukulu, poti chilankhulo chathu n'chodzaza ndi m'mudzi, n'kale, ng'oma ndi mayina ambiri okhala ndi ng'. Mu SQL kachizindikiro kameneka n'kotsekera mawu. Pulogalamu yosasamala ikamata dzina lotere m'lamulo, database imaona ngati mawu athera pa ng, n'kukana zotsalazo. Munthu amalephera kulembetsa pa fomu chifukwa cha dzina limene makolo anam'patsa. Mmisiri akaona izi samangomva chisoni, amachita mantha, chifukwa mpata womwewo ndi umene akuba amalowerapo ndi SQL injection. PHP inayesapo kutseka mpatawu ndi magic quotes, imene inasiya ma m\'mudzi m'matebulo ambiri isanachotsedwe mu PHP 5.4 mu 2012. Njira yoona ndi prepared statement: lamulo limapita palokha, dzina limapita palokha, ndipo database sizisokoneza ziwirizi.

Wina angafunse chifukwa chake mmisiri amaumirira utf8mb4 pamene pali dzina losavuta lakuti utf8. Mu MySQL, utf8 yakale imalola ma byte atatu okha pa chilembo. Ŵ amakwanamo, koma emoji ayi: database imakana ndi uthenga wa Incorrect string value, kapena ikakhala yosakhwimitsa malamulo, imadula mawu onse kuyambira pa emoji mwakachetechete. Yokwanira ndi utf8mb4, imene inabwera ndi MySQL 5.5.3 mu 2010, ndipo WordPress inasamukirako mu 2015 ndi mtundu wa 4.2.

Kusamukako kuli ndi chopunthwitsa chimodzi chomaliza. Matebulo akale a InnoDB salola index yoposa ma byte 767 pa kolamu. Kolamu ya zilembo 255 inkakwana pa ma byte atatu, poti ndi 765, koma pa anayi imafika 1020 ndipo lamulo limakanidwa. Mmisiri amagawa 767 ndi 4 n'kupeza 191, nambala imene mudzaipeza m'ma index a WordPress mpaka lero. Ngati seva ndi yatsopano, amasintha tebulo kukhala la mtundu wa DYNAMIC, umene umalola ma byte 3072, ndipo kolamu imakhala monga inalili.