Mizere itatu ya lipoti la CT

Lipoti la CT ya pachifuwa, longa amene odwala amanyamula pochokera ku National Heart Hospital m'boma la Chongwe, nthawi zina limakhala ndi mizere itatu iyi: left aortic arch, aberrant right subclavian artery, incidental finding.

Woyambawo sukunena zachilendo. Mtsempha waukulu wotuluka mumtima umakwera n'kupindikira kumanzere, ndipo kwa anthu ambiri pamene wapindikapo pamaphuka nthambi zitatu.

Nkhani ili pa wachiwiri. Apa nthambizo ndi zinayi. Mtsempha wopititsa magazi kudzanja lamanja waphukira kumapeto, chakumanzere, ndiye kuti ukafike kwawo umadutsa pakati pa chifuwa, kawirikawiri kuseri kwa njira ya chakudya. Umakhala choncho kuyambira masabata oyambirira mwana ali m'mimba, ndipo pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse amabadwa nawo. Koma mzerewu sukunena ngati mtsemphawo ukupana kummero. Mu 1761 David Bayford wa ku England anaupeza m'thupi la mayi wina amene anavutika kumeza kwa zaka zambiri mpaka kumwalira ndi njala, chakudya chilipo. Zotere ndi zosowa. Komabe amene nsima imamuima pachifuwa, mwina madzi okha ndiwo akutsika bwino, ayenera kufunsa.

Mzere wachitatu ndi umene umandikayikitsa. Wolemba lipotilo akutanthauza kuti ankafufuza zina, izi wangokumana nazo, ndipo sakunama: ambiri amakalamba osadziwa. Wodwala akamva choncho amapinda pepalalo n'kuliiwala m'chikwama. Koma dokotala wolowetsa kapaipi padzanja lamanja kuti akaone mitsempha ya mtima amapeza njira yokhota kuposa imene anazolowera. Wochita opaleshoni ya chithokomiro ndiye ayenera kusamala kwambiri, chifukwa kwa anthu otere kamtsempha koyendetsa mawu ka kumanja sikatsikira m'munsi mwa khosi n'kubwereranso monga mwa ena onse, kamalunjika kukholingo pomwepo pakhosi. Mpeni ukakadula, munthu amadzuka mawu atasasa. Dokotala amene wawerengeratu mzere wachiwiri uja amakafunafuna kamtsemphako pamalo ake enieni asanayambe kudula.