Mawanga a Nyamalikiti Atayika Panjira

Mnyamata wina wa ku Mfuwe, m'boma la Mambwe, anajambula pa tabuleti nyamalikiti wa Thornicroft, uja wopezeka m'chigwa cha Luangwa mokha. Chithunzicho chinandifika kawiri. Koyamba chinali PNG ya 18 MB, ndipo bandulo yanga inatha chisanatseguke. Kachiwiri chinabwera pa gulu la WhatsApp chitafinyidwa kale: mawanga aja ooneka ngati masamba, omwe ndiwo ulemerero wa nyamayi, anali atasanduka matope.

Luso ali nalo, sindikutsutsa. Koma anajambulira khoma la loji, pomwe omuonera tili kukomboni ndi timafoni ta galasi losweka. Ophunzira anga anangochidutsa.

Kusankha kukula kwa chithunzi ndi ntchito ya wojambula, osati ya WhatsApp. Akadasunga chachikulucho kuti adzasindikize, n'kutulutsa china cha JPEG, mapikiselo 1080 m'lifupi monga pa Instagram, chosapitirira 500 KB. Akadanenepetsanso mizere. Nsalu za Tribal Textiles, komweko ku Mfuwe, zimaoneka bwino ngakhale pa foni yotchipa chifukwa mizere yake ndi yokhuthala. Udzu umene iye anaujambula, wopyapyala ngati tsitsi, pa foni yanga suoneka n'komwe.