Za Kanema wa Maloto Ofota

M'chaka cha 2000 Darren Aronofsky anatulutsa kanema wotchedwa Requiem for a Dream, wonena za anthu anayi a ku Brooklyn. Mayi wamasiye, Sara, alakalaka kuoneka pa wailesi yakanema atavala diresi lake lofiira. Ameza mapiritsi ochepetsa thupi kufikira misala imgwira. Mwana wake Harry afuna kutsegulira bwenzi lake sitolo ya zovala, koma kudzibaya mankhwala oledzeretsa kumdulitsa mkono.

Timyamika kanemayu pa chinthu chimodzi: aonetsa kuti chidakwa sichiyamba ndi kukonda chakupha ayi, chiyamba ndi khumbo labwino. Ife a ku Dwangwa tidziwa ichi. Wodula nzimbe anati adzafolera nyumba ndi malata, msodzi anati adzagula ukonde. Koma kachasu ndi chamba zinadya zonse, mwezi ndi mwezi.

Koma timdandaula pa ichi: anayiwo agwa yekhayekha, popanda wakuwagwira dzanja, ndipo woonera atuluka ali kakasi, nayesa kuti palibe pothawira. Si kutero ayi. Kwathu munthu ali nao atsibweni, ankhoswe ndi anansi. Tsono tikaona malata a mnzathu alikusanduka kachasu, tisadikire mapeto monga oonera kanema. Timlankhule lero lomwe.