Bwalo Loposa Bwalo la Mfumu

Ambiri mwa ife, pophunzitsa mbiri ya Eklezia, timaifupikitsa nkhani ya Henry VIII kukhala nkhani ya ukwati chabe. Kuwerenga kotereku nkoperewera. Lamulo la 1533 linaletsa Angelezi kupititsa milandu ya Mpingo ku Roma. La 1534 linatcha mfumu mutu wa Mpingo wa ku England. Mtima wa malamulo onsewa unali umodzi: pasakhale bwalo lina loposa bwalo la mfumu.

Ganizoli limagwera pomwepo. Mfumu ikakhala woweruza wotsiriza, adzaidzudzule ndani ikalakwa? Paja mutu umodzi susenza denga. Thomas More ndi Episkopi John Fisher anaziona zimenezi, nadulidwa mitu mu 1535. Koma tisadzitame msanga: mwa maepiskopi onse a ku England, Fisher yekha ndiye anakana kulumbira.

Ife a kuno ku Mposa sitifunika kukafuna chitsanzo kutali. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi athu inawerengedwa m'matchalitchi. Boma la Dr. Banda linaitcha youkira, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapirikitsidwa m'dziko. Lamulo lotcha Ngwazi mutu wa Eklezia panalibe, komabe cholinga chinali chomwecho: mawu a pa guwa aziyamba apempha chilolezo ku boma.

Abale anga aseminale, umodzi wathu ndi Papa ndiwo umatikumbutsa kuti Kaisara si bwalo lotsiriza. Nanga tsiku lolumbira likatifikira, tidzaima ndi Fisher kapena ndi anzake aja?