Msilikali Wosadziguguda Pachifuwa: Kuunika Buku la A. B. Facey

Mabuku ambiri osimba za nkhondo amalembedwa ndi akuluakulu a asilikali, anthu amene adaiona nkhondoyo pa mapu ali m'hema. Buku la Albert Barnett Facey lotchedwa A Fortunate Life, kutanthauza kuti moyo wamwayi, silili m'gulu limenelo. Mwini wake adali msilikali wamba woyenda pansi, wopanda nyota paphewa, ndipo pamene bukuli lidasindikizidwa mu 1981 n'kuti iye ali nkhalamba ya zaka 86. Adamwalira chaka chotsatira.

Facey adabadwa mu 1894 m'chigawo cha Victoria ku Australia. Bambo ake adamwalira iye akali wamng'ono, mayi ake adamusiya m'manja mwa agogo ake aakazi, ndipo pofika zaka 8 adali atayamba kale kugwira ntchito m'mafamu a ku Western Australia. Kuwerenga ndi kulemba adachita kudziphunzitsa yekha. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndiyo gwero la mphamvu ya bukuli komanso la zofooka zake.

Mu Januwale 1915, ali ndi zaka 20, adalembetsa usilikali ndipo adamuika m'gulu la 11th Battalion. Pa nthawiyo Britain ndi abwenzi ake ankafuna kulanda njira ya panyanja ya Dardanelles kuti agonjetse Turkey, dziko limene linkamenya nkhondo kumbali ya Germany. Asilikali a ku Australia ndi New Zealand adakocheza pa gombe la Gallipoli pa 25 Epulo 1915, nakumana ndi zitunda zophompheka zimene adani adali atakhala pamwamba pake. Adakhalako miyezi 8 osapita patsogolo kwenikweni, mpaka adachotsedwako mu Disembala. Anyamata a ku Australia oposa 8,000 adatsala m'nthaka ya kumeneko.

Tsono kulimba mtima kwa Facey timakuona pati? Woyembekezera ndime yakuti mnyamatayu adagonjetsa yekha chikhamu cha adani adzakhumudwa. Facey amasimba za m'maenje obisalamo ndi mawu omwewo amene amasimbira za kugwetsa mitengo kapena kuweta ng'ombe. Ziganizo zake ndi zazifupi, zouma, zopanda mafanizo okometsera. Pofotokoza za kubayana ndi mpeni wa kunsonga kwa mfuti, sabisa kuti chidali chinthu chonyansa kupha munthu amene ukumuona m'maso. Abale ake awiri, Roy ndi Joseph, adafera ku Gallipoli komweko, ndipo iye amanena kuti adali nawo pakati pa amene adaika Roy m'manda. Akamaliza kunena zimenezo salira mokweza. Amangopitiriza nkhani, monga momwe adangobwererera ku dzenje lake tsiku lotsatira. Kwa ine, apa ndi pamene bukuli lidafika pachimake. Mlembi wozama m'maphunziro akadathira apa mawu ambiri achisoni, ndipo ife tikadalira chifukwa cha mawuwo. Facey watisiyira mpata woti tidzazemo tokha, ndipo mpata umenewo umaluma kuposa mawu.

Salankhulanso zokomera aliyense. Iye amaulula kuti zimene adaona ku nkhondo zidamuchotsa chikhulupiriro mwa Mulungu. Owerenga ena mawu amenewa adzawapweteka, koma munthu wofuna kungoyamikiridwa sakadawalemba.

Komabe kalembedwe kouma kali ndi mtengo wake. Anzake a m'gulu lankhondo amangodutsa ngati zithunzithunzi. Owerengeka okha ndiwo timawadziwa nkhope kapena mtima. Asilikali a ku Turkey, amene ankateteza dziko lawo ndipo adafa ochuluka kuposa a ku Australia, sitiwamva mawu. Ndipo poti chochitika chilichonse chimanenedwa ndi liwu limodzimodzi, nthawi zina chachikulu ndi chaching'ono zimaoneka zolemera mofanana.

Pali vuto linanso lalikulu. Facey amasimba kuti adali m'gulu la amene adakocheza pa 25 Epulo, koma zolembedwa za boma zokhudza usilikali wake zimasonyeza kuti adafika ku Gallipoli pa 7 Meyi. Kodi tinene kuti mkuluyu adanama? Tikumbuke kuti adalemba patapita zaka zambirimbiri, ndiponso kuti 25 Epulo ndi tsiku la Anzac Day, limene dziko lonse la Australia limakumbukira chaka ndi chaka. Nkhani imene mtundu wonse ukuibwereza imatha kulowa m'mutu mwa munthu mpaka kukhala ngati yake. Ine sindiona kuti masiku 12 amenewa akuchepetsa miyezi itatu imene adakhala pansi pa mizinga mpaka pamene adamuchotsako mu Ogasiti thupi litafooka. Koma akutionetsa kuti ngakhale munthu wosadzitama ngati ameneyu adakokeka ndi nthano ya dziko lake, ndipo wophunzira wa mbiri yakale asalitenge bukuli ngati kaundula wa masiku.

Nanga mwayi uli m'mutu wa bukuli ndi uti, kwa munthu amene adataya abale awiri pa nkhondo yoyamba, nataya mwana wake Barney ku Singapore pa nkhondo yachiwiri? Facey amaloza kwa mkazi wake. Ali ku Gallipoli adalandira phukusi la masokosi lochokera kwa mtsikana wosamudziwa, Evelyn Gibson wa ku Bunbury. Atabwerera kwawo adakumana naye mwangozi mumzinda wa Perth, nakwatirana mu 1916, ndipo adakhala limodzi mpaka mayiyo adamwalira mu 1976.