Mgodi wa a Musk: Kodi Uthenga Uja Unanena Zoona?

Acinyamata anzanga, ambiri mwa inu munauona uthenga uja umene unazungulira m'magulu athu a WhatsApp, kucokera ku Matero mpaka ku Mtendere. Unali ndi cithunzi ca Elon Musk, mkulu wa makampani a Tesla ndi SpaceX, amene Starlink yake inafika muno mu 2023. Pansi pake panalembedwa kuti cuma cake conse cinacokera ku mgodi wa emerald umene atate ake anali nao ku South Africa m'nthawi ya tsankho la apartheid. Ine ndinaulandira katatu tsiku limodzi, ndipo wina anaikapo ngakhale "Amen."

Uthengawo ndi wokoma kumva, koma wolemba wake sanafufuze. Malinga ndi atate ake enieniwo, a Errol Musk, miyalayo sinali ya ku South Africa ai. Inali ya kuno kwathu ku Zambia, dziko limene linalandira ufulu mu 1964 ndipo emerald wake amakumbidwa ku Lufwanyama, ku Copperbelt. Walter Isaacson, m'buku lake la moyo wa Elon la mu 2023, akufotokoza kuti mu 1986 a Errol anasinthanitsa ndege yao yaing'ono ndi gawo la miyala yocokera m'timigodi titatu ta muno. Mgodi sunali wao, ndipo malondawo sanalembetsedwe ku boma. Miyalayo inkapita kukasemedwa ku Johannesburg.

Elon mwini wake amakana za mgodi. Mu 2023 analonjeza ndalama za pa intaneti zochedwa Dogecoin zokwana 1 miliyoni kwa aliyense wobweretsa umboni. Koma naye musamkhulupirire msanga, pakuti mu 2014 anauza mtolankhani wina kuti atate ake anali ndi gawo mu mgodi wa ku Zambia. Mwana ndi bambo sakugwirizana, ndiye ife tigwire mau a yani?

Tsopano taonani caka cija, 1986. Pa 19 May caka comweco ndege za nkhondo za boma la apartheid zinaponya mabomba ku Makeni, pafupi ndi Kanyama pomwepa, cifukwa Zambia inali kusunga a ANC. Funsani makolo anu, ena akukumbukira. Dziko lathu linali kuvutikira ufulu wa anansi athu, uku miyala yathu ikutuluka mwakabisira kupita kwa iwo omwe anali kudya bwino pansi pa boma lomwelo. Imeneyi ndiyo nkhani yoyenera kutipweteka mtima ife. Uthenga uja unaifafaniza yonse, dzina la Zambia osachulamo n'komwe, ndipo ife a Zambia tinautumiza mokondwa.

Cina cimene wolembayo anaphonya ndi cakuti m'banjamo munalidi wokonda tsankho, koma si amene iye anamuloza. Agogo ake a Elon a kucikazi, a Joshua Haldeman, anasamuka ku Canada kupita ku South Africa mu 1950, patangopita zaka ziwiri apartheid itayamba, ndipo analemba zoikira kumbuyo ulamuliro wa azungu. Anamwalira mu 1974, mdzukulu wao asanakwanitse zaka zitatu. A Errol, amene anasankhidwa kukhala khansala ku Pretoria mu 1972, pambuyo pake analowa cipani ca Progressive Federal Party cimene cinali kutsutsa boma. Kuti Elon anakula ndi mwai umene mwana wakuda wa ku Soweto sanaulote, palibe angakane. Koma kumsenzetsa zolemba za agogo ake, Ezekieli caputala 18 satilola. Ngati tifuna kumdzudzula, zolankhula ndi zocita zake zilipo zambiri.

Amene ananditumizira uthenga uja ndinawayankha zonsezi. Awiri anangokhala cete. Wacitatu anandifunsa kuti Lufwanyama ili kuti.